Kadamsana pa Zambezi: Kuunika Chikumbukiro m'Mbiri Yapakamwa ya Angoni a Mpezeni

1. Mawu Oyamba

Mwa nkhani zonse zimene Angoni a Mpezeni, a ku Chipata ndi madera ozungulira, amasimba za makolo awo, yotchuka koposa ndi ya tsiku limene Zwangendaba adawolotsa anthu ake pa mtsinje wa Zambezi, dzuwa n'kuda masanasana. Nkhaniyi imamveka pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, imapezeka m'mabuku a sukulu a ku Zambia ndi ku Malawi, ndiponso akatswiri a mbiri amakonda kuitchula pofuna kusonyeza kuti mbiri yapakamwa ndi yodalirika. Iwo sanama ayi, pakuti kadamsana amene akuluakulu ankasimbayo adachitikadi. Komabe pali funso limene kawirikawiri timalilumpha chifukwa chokondwa kuti sayansi yavomereza mawu a makolo: kodi chimene chikumbukiro cha anthu chidasunga n'chiti, nanga chimene chidataya kapena kuwonjezera n'chiti?

M'nkhani ino tiunika mbiri imeneyi monga momwe timaunikira ntchito ina iliyonse ya luso la mawu, poona mfotokozankhani, omvera ake ndi cholinga chake. Tichita zimenezi mothandizidwa ndi zomwe akatswiri a za maganizo a munthu apeza zokhudza kukumbukira ndi kuiwala. Mfundo yathu ndi imodzi: chikumbukiro, kaya cha munthu mmodzi kaya cha mtundu wonse, chimagwiritsa chinthu chimene chili ndi ntchito kwa okumbukirawo, ndipo zotsalazo chimaziumbanso kuti zigwirizane ndi chinthucho. Mfundoyi ikutikhudza tonse, chifukwa milandu ya ufumu ndi ya malire a minda imaweruzidwa potsata zimene akuluakulu akukumbukira, ndipo ana a sukulu amadziwa kuti iwo ndi yani kudzera m'mbiri zomwezi.

2. Mmene Munthu Amakumbukirira

Ambiri timaganiza kuti chikumbukiro chili ngati nkhokwe: chimanga chimene tidaikamo m'mwezi wa Meyi ndi chomwecho chimene tidzatapemo mu Disembala, kupatulapo chimene anankafumbwe adya. Pa maganizo amenewa vuto lokhalo ndi kuiwala, ndipo chilichonse chimene chatsala m'nkhokwemo n'choona. Kafukufuku wa zaka zoposa zana limodzi watsutsa fanizo limeneli.

Kukumbukira kuli ndi magawo atatu: kulandira chinthu pamene chikuchitika, kuchisunga, ndi kuchitulutsanso. Pa gawo lililonse pali mpata wosokonekera. Polandira, munthu amatola zokhazo zimene maso ndi mtima wake zidalunjikapo. Posunga, zambiri zimafufutika msanga. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adasonyeza m'chaka cha 1885 kuti gawo lalikulu la zimene munthu waloweza limatayika m'maola oyambirira, kenaka kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. Koma gawo lotikhudza kwambiri pano ndi lachitatu.

M'buku lake la 1932 lotchedwa Remembering, Frederic Bartlett wa ku Cambridge adafotokoza mmene adawerengetsera Angerezi nthano ya eni nthaka a ku North America, kenaka n'kuwapempha kuti aibwereze patapita nthawi. Ena adawauza kuti aipatsirane wina kwa mnzake monga momwe uthenga umayendera m'mudzi. Nthanoyo idafupika, mayina achilendo adasowa, mabwato adasanduka maboti odziwika ku England, ndipo za mizukwa zimene Angereziwo sankazimvetsa zidachotsedwa kapena kupatsidwa chifukwa chomveka kwa iwo. Padalibe amene ankafuna kunama. Aliyense ankamanganso nkhaniyo ndi mitengo ya m'nkhalango yakwawo.

Bartlett yemweyo adafika ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, kwa anthu amene ndi abale a Angoni pa chiyankhulo ndi pa miyambo. M'bukumo akusimba za mbusa amene adatchula ng'ombe zimene bwana wake adagula chaka chathunthu m'mbuyomo, maonekedwe ake, eni ake ogulitsa ndi mitengo yake. Atayerekeza ndi zimene bwanayo adalemba, zolakwika zidali zochepa ndi zazing'ono. Pa zinthu zosakhudza ng'ombe, Aswazi sadaonetse chikumbukiro choposa cha Angerezi. Apa tikuona kuti chikumbukiro chimanola mano ake pa chimene mtundu umachiyesa chamtengo wapatali.

Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer a ku America adaonetsa ophunzira kanema wa ngozi ya magalimoto. Gulu lina lidafunsidwa za liwiro la magalimotowo ndi mneni wotanthauza kugunda, gulu lina ndi mneni wotanthauza kuphwanyana. Gulu lachiwirili lidatchula liwiro lokwererapo. Patatha sabata imodzi, anthu 16 mwa 50 a m'gululi adati adaona magalasi osweka, pamene m'gulu loyamba amene adatero adali 7 okha mwa 50. M'kanemamo mudalibe galasi losweka. Liwu limodzi la wofunsa lidalowa m'chikumbukiro cha mboni n'kukhala ngati chinthu chimene mboniyo idadzionera yokha.

Wina angati zochitika zazikulu zokha n'zimene sizisintha m'mutu. Ulric Neisser ndi Nicole Harsch adayesa zimenezi. Tsiku lotsatira ngozi ya chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Challenger, mu Januwale 1986, adalembetsa ophunzira kumene adali ndi mmene adamvera uthengawo. Atawafunsanso patapita zaka pafupifupi zitatu, ambiri adasimba zosiyana ndi zoyambazo, ena zosiyaniratu, chikhalirecho adali otsimikiza kuti akunena zoona. Munthu wa ku Zambia amene adali wamkulu mu Epulo 1993 sangaiwale ngozi ya ndege imene idapha osewera mpira a dziko lake kufupi ndi gombe la Gabon. Ngoziyo imakhazikika, koma za amene adabwera ndi uthengawo ndi malo amene adaumvera zimatha kusuntha mwini wake osazindikira. Pofufuza makoswe m'chaka cha 2000, Karim Nader ndi anzake adapezanso kuti chikumbukiro chikatulutsidwa chimafewa ngati dongo lothiridwa madzi, ndipo chimayenera kuumanso. Motero nthawi iliyonse imene nkhani yasimbidwa, mpata woti isinthe umatseguka.

3. Nkhani ya Kuwoloka Zambezi

Ndi mfundo zimenezi m'maganizo, tiyeni tione nkhani yathu. Zwangendaba Jere ndi anthu ake adachoka kumpoto kwa dera limene lero ndi KwaZulu-Natal cha m'ma 1820, Shaka atagonjetsa Andwandwe a Zwide. Adadzera kumwera kwa Mozambique ndi m'dziko la Arozvi, limene lero ndi Zimbabwe, nafika pa Zambezi pafupi ndi Zumbo, pamene Luangwa amathira m'Zambezi. Mafotokozedwe osiyanasiyana amagwirizana pa zinthu zitatu: mtsinje, mtsogoleri ndi mdima wa masana.

Choyamba choti tizindikire n'chakuti chikumbukiro cha Angoni sichidasunge chaka. Iwo ankawerenga nthawi ndi malo amene adakhalako, nkhondo zimene adamenya ndi magulu a anyamata amene adalowa usilikali pamodzi. Chaka chidadza ndi olemba. W.A. Elmslie, mmishoni wa Livingstonia amene adayamba ntchito pakati pa Angoni a M'mbelwa mu 1885, atamva za kadamsanayu adamugwirizanitsa ndi wa mu Juni 1825, ndipo chaka chimenechi chidalowa m'buku lake la 1899, Among the Wild Ngoni. Mu 1930 E.H. Lane Poole, amene ankagwira ntchito ya boma la atsamunda kuchigawo chakum'mawa kwa Northern Rhodesia, adalemba nkhani yosonyeza kuti kadamsana woyenera ndi wa mu Novembala 1835. Mawerengedwe a akatswiri a zakuthambo amamuika pa 20 Novembala, ngakhale kuti mabuku ambiri a mbiri amalemba 19. Tione bwino apa: kuphonya kwa zaka khumi kudachokera kwa mwini cholembera, pamene akuluakulu osalembawo adanena zoona pa chimene adachigwiritsa. Pepala nalonso limatsetsereka.

Chachiwiri ndi mmene anthuwo adawolokera. Apa mafotokozedwe amagawikana. Ena amati mfumu ndi amayi a kunyumba yachifumu adawoloka pa mabwato a anthu a m'mbali mwa mtsinjewo. Ena amati amuna adalowa m'madzi atagwirana manja. Enanso amati madziwo adamenyedwa ndi ndodo ndipo adapatukana, anthu n'kudutsa pouma. Mwezi wa Novembala ndi nyengo imene Zambezi amakhala atatsika kwambiri, mvula isadakhazikike, kotero mafotokozedwe awiri oyambawo akugwirizana ndi nyengo imene akatswiri a zakuthambo atipatsa. Lachitatulo likutikumbutsa msanga za Mose pa Nyanja Yofiira ndi za Yoswa pa Yordano. Mishoni ya Adatchi idakhazikitsidwa ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka m'Chinyanja mu 1922. Sitikunena kuti osimbawo adakopera m'Baibulo, pakuti nkhani za madzi opatukana zimapezekanso m'mbiri ndi m'nthano za mitundu ina ya mu Africa. Chimene tikunena n'chimene Bartlett adapeza: maganizo amatenga chikombole chimene chili pafupi. Madzi otsika a mu Novembala, akasimbidwa kwa mibadwo ingapo pamaso pa omvera amene amamva za Mose tsiku la Mulungu lililonse, savuta kusanduka madzi opatukana.

Chachitatu ndi kufupikitsa nthawi. Khamu la amuna, amayi, ana, nkhalamba ndi ziweto silingawoloke mtsinje waukulu chotere m'kanthawi kochepa, pamene mdima weniweni wa kadamsana umatha m'mphindi zowerengeka. Nkhani yapakamwa yatenga zinthu ziwirizi n'kuzimanga mtolo umodzi: phazi likuponda m'madzi, dzuwa likuzima. Kwa wounika luso la mawu, apa ndi pamene pagona ukatswiri wa osimbawo. Mtsinje ndi malire a dziko lakale ndi latsopano. Mdima wa masana ndi imfa ya moyo wakale, ndipo kuwalanso kwa dzuwa ndi kubadwa kwa mtundu. Kadamsana adapulumuka m'chikumbukiro chifukwa adapeza ntchito m'nkhani imeneyi. Akadachitika Angoni ali pakati pa ulendo wamba, n'kutheka kuti bwenzi ataiwalika monga momwe akadamsana ena ambiri adaiwalikira.

Chachinayi ndi mlowam'malo amene osimba amagwiritsa ntchito. Mngoni wa ku Chipata amati "tidawoloka Zambezi". Koma J.A. Barnes, amene adachita kafukufuku pakati pa Angoni a Mpezeni pakati pa 1946 ndi 1949, adasonyeza m'buku lake la 1954, Politics in a Changing Society, kuti ufumu wa Angoni unkakula polowetsa anthu ogwidwa pa nkhondo m'midzi ndi m'magulu ake a asilikali. Atawoloka, Angoni adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asadapitirire kumpoto, ndipo Mpezeni atabwerera kumwera adatenganso Ansenga ndi Achewa ambiri. Izi zikutanthauza kuti makolo a Angoni ochuluka a lero adali kale kutsidya lino pa tsiku la kadamsanalo, ndipo ena a iwo adali m'gulu la amene adathawa atamva kuti alendowo afika. Maurice Halbwachs wa ku France adanena mu 1925 kuti munthu amakumbukira monga membala wa gulu. Kamphatikiram'mbuyo kakang'ono aka, "ti-", kakugwira ntchito yaikulu yolumikiza adzukulu a ogonjetsa ndi adzukulu a ogonjetsedwa kuti akhale ndi chiyambi chimodzi.

4. Nyumba Ziwiri, Mbiri Ziwiri

Zwangendaba adamwalira ku Mapupo, m'dziko la Afipa kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, cha m'ma 1848, ndipo mtundu udagawikana. Mwa magulu amene adatuluka m'kugawikanako, awiri otikhudza ndi la Mpezeni, limene lidadzakhazikika ku Chipata, ndi la M'mbelwa, limene lidakhazikika ku Mzimba. Magulu awiriwa amakumbukira kadamsana mofanana. Pa funso lakuti woyenera kulowa ufumu adali yani, amasiyana. Ku Chipata chimene chimatsindikidwa n'chakuti Mpezeni ndiye adali mwana wamkulu. Ku Mzimba kuli nkhani yakuti nyumba ya amayi a Mpezeni idataya udindo wobala mfumu chifukwa cha tsitsi limene lidapezeka m'mowa wopita kwa Zwangendaba, limene lidayesedwa chizindikiro cha ufiti.

Mbiri yotchuka yolembedwa ndi Mngoni mwini wake ndi ya Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, imene idalembedwa m'Chitumbuka ndipo idatuluka m'Chingerezi mu 1942 ndi mutu wakuti My Ngoni of Nyasaland. Ndi buku lamtengo wapatali, ndipo palibe wofufuza za Angoni amene angalilambalale. Komabe mfotokozankhani wake waima pa bwalo la M'mbelwa, ndipo adalemba m'nyengo imene Angoni a ku Mzimba ankalimbikira kuti boma la atsamunda livomereze ukulu wa mfumu yawo. Mphunzitsi wa ku Chipata amene awerengera ana bukuli ngati mbiri ya Angoni onse, akuwapatsa chikumbukiro cha nyumba imodzi m'dzina la mtundu wonse. Chimodzimodzi mphunzitsi wa ku Mzimba amene angadalire zosimbidwa ku Mtenguleni zokha.

Barnes ndi amene adapereka dzina ku khalidwe limeneli la chikumbukiro. M'nkhani yake ya 1947 yonena za kusonkhanitsa mayina a makolo adalitcha structural amnesia, ndipo ife tingalimasulire kuti kuiwala kotsata dongosolo la mtundu. Makolo amene mayina awo amatsegula khomo la ufumu, la munda kapena la chibale amakumbukiridwa, ndipo amene mayina awo alibe ntchito lero amagwa m'njira. Jack Goody ndi Ian Watt adapereka chitsanzo chomveka mu 1963. Kwa Agonja a ku Ghana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kudalembedwa kuti Ndewura Jakpa, amene adayambitsa ufumuwo, adali ndi ana aamuna asanu ndi awiri, molingana ndi zigawo zisanu ndi ziwiri za dzikolo. Patapita zaka 60, zigawo ziwiri zitatha, anthu ankati adali ndi ana asanu. M'dera la Chipata lomweli, banja lotsata mwambo wa Chingoni limalondola kwambiri mzere wa kuchimuna, pamene banja la Chichewa loyandikana nalo limalondola mbumba ndi atsibweni. Agogo amene aiwalika kuno ndi amene akumbukiridwa uko.

Kuiwala kotereku kumaonekanso pa zaka za pakati pa kufika kwa Mpezeni m'derali, cha m'ma 1870, ndi nkhondo ya mu Januwale 1898, pamene asilikali otsogozedwa ndi Angerezi adagonjetsa Angoni. M'chikumbukiro cha Angoni iyi ndi nyengo ya ulemerero, ya makola odzaza ng'ombe ndi asilikali osagonja. M'midzi ya Achewa nyengo yomweyo imakumbukiridwa ndi malinga, kubisala m'mapiri, ndi kuphedwa kwa mfumu Mkanda. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene adatsogolera nkhondoyo ndipo adawomberedwa ndi atsamunda mu Febuluwale 1898, adalembedwa m'mapepala a atsamundawo ngati woyambitsa chisokonezo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo tauni ya Fort Jameson itasinthidwa dzina kukhala Chipata, Nsingo yemweyo adayamba kukumbukiridwa poyera ngati ngwazi yokana utsamunda. Zimene zidachitika mu 1898 sizidasinthe. Chimene chidasintha ndi ntchito imene okumbukirawo ankafuna kuti nkhaniyo iwagwirire.

5. Nyimbo, Gule ndi Nc'wala

Pali mbali ina ya mwambo wa Angoni imene imasunga zinthu mwa njira yosiyana ndi nkhani zosimba. Chingoni chenicheni chochokera kumwera chidatha monga chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku pakati pa anthu a Mpezeni, makamaka chifukwa ana ankaleredwa ndi amayi Achinsenga. Chimene ambiri amachitcha Chingoni ku Chipata lero ndi chiyankhulo choyandikana kwambiri ndi Chinsenga. Komabe mawu akalewo adatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'ndakatulo zotamanda mafumu. David Rubin adafotokoza m'buku lake la 1995, Memory in Oral Traditions, kuti mayimbidwe, kugunda kwa mawu ndi kufanana kwa maliwu zimachepetsa mawu amene angalowe pa malo a anzake, kotero nyimbo imasinthika pang'onopang'ono kuposa nkhani. Nyimbo ili ngati goli limene limagwira mawu kuti asasochere.

Mtengo wake ndi wakuti maliwu amatsala tanthauzo litachoka. Woyimba amene sakumva mawu amene akuyimba amawakokera mosazindikira ku mawu ofanana nawo a chiyankhulo chake, ndipo kenaka amapereka tanthauzo lochokera ku mawu atsopanowo. Dzina la mwambo lomwe likuchitira umboni: zilembo "nc" m'ziyankhulo za kumwera zimaimira liwu lothethetsa lilime kumano, koma anthu ambiri lero amatchula ngati kuti palembedwa "nch". Wofufuza amene atenga tanthauzo la nyimbo kwa woyimba mmodzi, osayerekeza mawuwo ndi Chizulu kapena Chiswazi, akhoza kulemba tanthauzo lobadwa dzulo n'kulitcha la makolo.

Nc'wala, mwambo wolawa zipatso zoyamba za m'munda, idaleka pambuyo pa nkhondo ya 1898 ndipo idatsitsimutsidwa mu 1980. Pakati pake pali zaka 82. Mwana amene adali ndi zaka khumi pa nthawi ya nkhondoyo adali ndi zaka 92 pamene mwambowu unkayambanso. Choncho chimene chimachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, pamene nkhunzi yakuda imalasidwa ndi nthungo ndipo mfumu imamwa magazi ake, chidamangidwanso kwakukulu ndi anthu amene adamva kwa amene adaona. Izi sizichotsera ulemu mwambowu. Zikungotiuza kuti umboni wake ndi wa magawo osiyana. Kupondaponda kwa mapazi ndi kagwiridwe ka chishango zidadutsa zaka zonsezo m'magule a ngoma, ndipo chikumbukiro cha thupi chili ndi njira yakeyake mu ubongo. Henry Molaison wa ku America, amene madokotala adamchotsa mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus mu 1953 pofuna kuchiza khunyu, sankathanso kusunga zochitika zatsopano, komabe manja ake ankaphunzira luso latsopano iye osakumbukira kuti adaphunzirapo. Mapazi a ovina angathe kusunga zakale mokhulupirika kuposa mawu ofotokozera tanthauzo la guleyo.

6. Phunziro kwa Aphunzitsi ndi Ofufuza

Chiyankhulo chathu chili ndi zida zake zosonyezera kumene nkhani yachokera. Nthano imayamba ndi "padangokhala", omvera n'kuvomera kuti "tili tonse", ndipo aliyense amadziwa kuti walowa m'dziko la zopeka. Mbiri ilibe chitseko chotere, koma ili ndi kaliwu kakuti "akuti". Gogo akanena kuti "akuti madzi adapatukana", wadzipatula yekha ku umboniwo ndipo watiuza moona mtima kuti iye sadaone. Vuto limadza polemba. Wophunzira, mphunzitsi kapena mkonzi wa buku amaona "akuti" wobwerezabwerezayo ngati chodetsa chiganizo, n'kumufufuta. Chimene chimasindikizidwa ndi "madzi adapatukana", ndipo gogo uja wasandutsidwa mboni yoona ndi maso popanda chilolezo chake. Kusamala kumene kudali pakamwa kwatayikira pa pepala.

Kuwonjezera apo, zolembedwa zimabwereranso kumudzi. David Henige, m'buku lake la 1974 lonena za kuwerengera zaka m'mbiri yapakamwa, adachenjeza za zimenezi. Mkulu wa ku Feni kapena ku Mtenguleni akanena lero kuti makolo adawoloka mu 1835, chakacho chachokera kwa olemba ngati Lane Poole kudzera m'sukulu, m'wailesi ndi m'zolankhula za pa Nc'wala. Wofufuza amene alemba zimenezi ngati umboni wapakamwa wotsimikizira mabuku, wangotunga madzi m'mtsuko wake womwe. Pa milandu ya ufumu nkhaniyi imalemera kwambiri. Timati mlandu suwola, koma mboni zimamwalira, ndipo zimene zatsala zimakhala zitawerenga kapena kumva zimene zidalembedwa.

Kuchokera pa zonsezi tikupereka malangizo anayi kwa amene amatuma ophunzira kukatola mbiri kumidzi. Choyamba, "akuti" aliyense asungidwe monga adanenedwera, ndipo ophunzira aphunzitsidwe kuona kaliwu kameneka ngati gawo la umboni. Chachiwiri, wosimba afunsidwe mwaulemu kuti nkhaniyo adaimva kwa yani, kuti, ndi liti, ndiponso ngati adaiwerengapo m'buku kapena kuimva pa wailesi. Chachitatu, mafunso akhale otseguka. Kufunsa kuti "Angoni adathawa bwanji Shaka?" kapena "Angoni adalanda bwanji dziko la Achewa?" n'kuika mneni m'kamwa mwa gogo, monga momwe Loftus ndi Palmer adaikira magalasi osweka m'maso mwa ophunzira awo. Ndi bwino kungopempha kuti, "Agogo, tatiuzani mmene makolo athu adafikira kuno." Chachinayi, mafotokozedwe osiyana asaphatikizidwe kukhala nkhani imodzi yosalala. Alembedwe moyandikana, la ku Chipata ndi la ku Mzimba, la Mngoni ndi la Mchewa, ndipo ophunzira afunsidwe kuti aliyense mwa osimbawo akupindulanji ndi mafotokozedwe akewo. Ntchito imeneyi ndi yofanana ndi imene timawaphunzitsa kale pozukuta mfotokozankhani wa m'buku la nkhani yopeka.

7. Mawu Otsiriza

Taona kuti mbiri ya kuwoloka Zambezi idasunga kadamsana molondola kwa mibadwo ingapo, ndipo kuti zozungulira kadamsanayo, monga njira yowolokera, kutalika kwa nthawi ndi eni ake a liwu lakuti "tidawoloka", zidaumbidwa molingana ndi zofuna za osimba ndi omvera. Taonanso kuti olemba nawo adalakwitsa, ndi kuti nyimbo ndi gule zimasunga mwa njira yosiyana ndi nkhani. Jan Vansina, m'buku lake la 1985, Oral Tradition as History, adaphunzitsa kuti mbiri yapakamwa ndi uthenga wochokera kale umene umanenedwa lero, ndipo uyenera kuwerengedwa ndi nthawi zonse ziwirizo m'maganizo. Makolo adati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Ntchito yathu monga ounika ndi aphunzitsi ndi kufunsa kuti mawuwo adagona kwa yani, adagona masiku angati, ndipo adadzuka atavala zotani. Kafukufuku wofunika kutsatira pano ndi woyerekeza mawu a nyimbo za ngoma za ku Chipata, ku Mzimba ndi ku Ntcheu, pakuti pamene nyimbozo zikugwirizana popanda kubwerekana ndi pamene tingayembekezere kupeza mawu akale kwambiri.